Sahil ndi pwani: mayina awiri a gombe limodzi

Ife timati gombe, kapena kungoti m'mbali mwa nyanja. Koma gombe la kum'mawa kwa Africa, kuyambira ku Somalia mpaka kumpoto kwa Mozambique, lili ndi mayina awiri, ndipo lililonse limaulula pamene wolitchulayo anaima.

Loyamba ndi la Chiarabu. Sahil ndiye gombe, akachuluka amati sawahil. Ibn Battuta, yemwe anafika ku Mombasa ndi ku Kilwa cha m'ma 1331, analemba za derali kuti ndi dziko la Sawahil. M'kupita kwa nthawi dzina la malo linasanduka la anthu, Waswahili, ndi la chilankhulo chawo, Kiswahili. Ili ndi dzina la munthu wobwera pa chombo: akuona mtunda patsogolo pake, basi n'kuutcha m'mphepete.

Eni ake satero. Mswahili akamanena za kwawo amati pwani, ndipo ku Tanzania kuli chigawo chonse chotchedwa Pwani. Tiyeni tiwaphwanye mawuwa. Kumapetoko kuli -ni wosonyeza malo, ngati wa mu nyumbani, ntchito imene m'Chichewa timaipatsa pa-, ku- ndi mu-. Chotsala ndi tsinde -pwa, la mneni kupwa. Mwalizindikira? Ndi kuphwa kwathu komwe kuja, kwa chitsime m'mwezi wa Okutobala. Zilankhulo ziwirizi zinalandira mawuwa kuchokera kwa kholo limodzi la Chibantu, palibe anabwereka kwa mnzake.

Chomwe chinasiyana ndi madzi amene anthuwo ankakhala nawo. Kwathu kuphwa ndi nkhani ya chilala: nyanja ya Chilwa itaphwa mu 1995 asodzi anasowa pogwira. Pa nyanja yamchere ya Indian madzi amaphwa kawiri pa tsiku n'kubwereranso, chifukwa cha kukoka kwa mwezi, ndiye kupwa kunangokhala mawu a tsiku ndi tsiku. Pwani ndi pamene madzi amachokapo n'kusiya mchenga poyera.

Ineyo zimandivuta ndikamva wina akuti Kiswahili ndi Chiarabu chosakaniza, umboni wake n'kukhala dzinalo. Mawu obwereka alimo ambiri, inde. Koma dzinalo anapereka ndi alendo, pomwe mawu amene eni gombe amatchulira kwawo ndi oti ngakhale agogo a ku Nkhotakota angawamve tsinde lake.