Nthano ya ku Oz ndi Munthu Amene Anaipeka

M'chaka cha 1900, mumzinda wa Chicago ku America, munatuluka buku la ana lotchedwa The Wonderful Wizard of Oz, ndiko kunena kuti Wamatsenga Wodabwitsa wa ku Oz. Mlembi wake, a Lyman Frank Baum, anali ndi zaka 44, ndipo kufikira nthaŵi imeneyo zambiri zimene anazigwira zinali zitaŵakanika. Anabadwa m'chaka cha 1856 ku Chittenango, m'chigawo cha New York, m'banja lopeza bwino, pakuti atate awo analemera ndi malonda a mafuta. Mwanayo anayamba ndi kuŵeta nkhuku, kotero kuti buku lawo loyamba, la 1886, linali lofotokoza za kaŵetedwe ka nkhuku za mtundu wa Hamburg. Anachitaponso zisudzo. M'chaka cha 1888 anasamukira ku Aberdeen, m'dera la Dakota, natsegula sitolo, koma chilala chitagwa, anthu amene ankatenga katundu pa ngongole analephera kubweza, ndipo sitoloyo inatsekedwa. Nyuzipepala imene anaigwira pambuyo pake inagwanso. Pofika ku Chicago m'chaka cha 1891 anali munthu wosauka, ndipo kwa zaka zingapo ankayenda m'matauni kutsatsa mbale ndi makapu.

Madzulo akakhala pakhomo ankasimbira ana awo aamuna anayi nthano zongopeka okha. Amene anaŵaumiriza kuti azizilemba ndi apongozi awo, mayi Matilda Joslyn Gage, mmodzi wa atsogoleri omenyera ufulu wa amayi woponya voti. Mayiŵa anamwalira m'chaka cha 1898, buku la Oz lisanatuluke, koma sikovuta kuona dzanja lawo m'dziko limenelo, momwe mphamvu zenizeni zili kwa akazi, abwino ndi oipa omwe.

Nthanoyo ndi ya Dorothy, mwana wamasiye wokhala ndi amalume ake a Henry ndi akazi awo a Em pamunda wouma ku Kansas. Kamvulumvulu ananyamula nyumba yonse, mtsikanayo ndi galu wake Toto ali momwemo, nakaitula m'dziko la Oz, pamwamba pa mfiti yoipa imene inafera pomwepo. Pofuna njira yobwerera kwawo, Dorothy anauyatsa ulendo wopita ku Mzinda wa Emerald kukaonana ndi Wamatsenga. Panjira anapeza anzake atatu: chidole cha udzu choopsezera mbalame m'munda, chimene chinkafuna nzeru, munthu wamalata wodula nkhuni, amene ankafuna mtima, ndi mkango wamantha, umene unkafuna kulimba mtima.

Apa ndi pamene pagona luso la a Baum. Paulendo wonse, chidole chopanda nzerucho ndicho chimapeza nzeru yowolokera maphompho, wamalata wopanda mtimayo amalira atapondereza kachilombo mwangozi, ndipo mkango wamanthawo umaima kutsogolo pakagwa zoopsa. Wamatsenga uja atavundukulidwa anapezeka kuti ndi nkhalamba wamba ya ku Omaha, imene inafika ku Oz itasokera m'chibaluni. Ngakhale kubiriŵira kwa mzinda wake kunali kwa magalasi amene aliyense ankavekedwa pachipata. Nkhalambayo inathira madeya osakaniza ndi singano m'mutu mwa chidole, inaika mtima wansalu wodzaza utuchi m'chifuwa cha wamalata, inamwetsa mkango chakumwa china, ndipo onse atatu anachoka okhutira. Dorothy yekha ndiye sakananamizidwa chotero, chifukwa chimene ankafuna iye chinali chenicheni.

M'mawu oyamba a bukuli, a Baum ananena kuti nthano zakale za ku Ulaya, zodzaza ndi zoopsa ndi zilango, zinali zitatha ntchito, ndipo iwo anafuna nthano yongosangalatsa mwana. Lonjezo limeneli sanalisunge kwenikweni, pakuti m'bukumo wamalata amapha mimbulu 40 ndi nkhwangwa, ndipo chidole chimapotola makosi akhwangwala 40. Chatsopano chinali chakuti mwana wa ku America anapeza nthano yoyambira pamunda wa chimanga wa kwawo, osati m'nyumba za mafumu a kutsidya kwa nyanja. Zithunzi za a W. W. Denslow, zamitundu yosiyanasiyana, zinathandiza kwambiri, ndipo mabuku 10,000 oyamba anatha msanga.

A Baum sanafune kukalamba ku Oz, koma makalata a ana ndi ngongole zawo zinaŵabwezerako. Buku lachiŵiri linatuluka m'chaka cha 1904. M'buku lachisanu ndi chimodzi, la 1910, anayesa kutseka nkhani ponena kuti dzikolo labisika kwa anthu onse akunja. Chaka chotsatira chuma chawo chinatheratu, ndipo pofika 1913 Oz anali atatsegukanso. Analemba mabuku 14 onse pamodzi. Anamwalira ku Hollywood m'chaka cha 1919, ndipo lomaliza linatuluka m'chaka cha 1920. Mayi Ruth Plumly Thompson anapitiriza ndi ena 19 kufikira 1939.

Pali chinthu china cha ku Aberdeen chimene sichiyenera kubisika. M'mwezi wa Disembala 1890, mfumu Sitting Bull itaphedwa, ndiponso mu Januwale 1891, asilikali atapha amuna, akazi ndi ana a mtundu wa Lakota ku Wounded Knee, a Baum analemba m'nyuzipepala yawo kuti eni nthaka a dzikolo angofafanizidwa onse. Dzanja limene linalemba za wamalata wolirira kachilombo ndi lomwelo linalemba mawu ameneŵa. M'chaka cha 2006 aŵiri mwa zidzukulu zawo anapita kukapepesa kwa anthu a mtunduwo.

Akuluakulu a maphunziro anachedwa kuŵalandira mabuku a Oz. Oyang'anira nyumba zambiri zoŵerengeramo mabuku ankaŵayesa olembedwa mosasamala, ndipo m'chaka cha 1957 mkulu wa nyumba zotere ku Detroit, a Ralph Ulveling, ananena poyera kuti mabukuŵa alibe phindu kwa ana. Koma panthaŵi imeneyo nthanoyo inali itafala kale. Ku Russia a Alexander Volkov anailembanso m'chinenero chawo m'chaka cha 1939, chaka chomwecho chimene kampani ya MGM inatulutsa kanema momwe Judy Garland anali Dorothy. Kanemayo anasintha zinthu ziŵiri zazikulu. Nsapato za siliva zimene zinabweza Dorothy kwawo anazisandutsa zofiira kuti ziwoneke bwino pa kanema wamitundu, ndipo ulendo wonse anausandutsa maloto. M'buku la a Baum mtsikanayo sanalote. Anapitadi ku Oz, ndipo nsapatozo zinamuvuka pobwerera, nizitayika m'chipululu.