Kuchokera ku thangata kufika ku nyumba za Housing: mbiri ya lendi m'Malawi

Bungwe la Malawi Housing Corporation likalengeza kuti lendi yakwera, phokoso limamveka ku Area 18 mumzinda wa Lilongwe, ku Nkolokosa ndi ku Chitawira mumzinda wa Blantyre. Kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu, nkhaniyo imangodutsa pa wailesi. Komabe funso lakuti ndani amaika mtengo wa denga limene munthu wosauka amagonamo silinayambire m'tauni. Linayambira m'minda, ndipo anthu a m'zigwa za fodya alidziwa kwa zaka zambiri.

Lendi yoyamba m'dziko muno sinali ya ndalama. Azungu atatenga malo aakulu m'madera a Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje, anthu okhala pamalowo ankalipira malo ogona ndi olima pogwira ntchito m'munda wa mwini esiteti. Limenelo ndilo thangata. Malire ake ankaika mwini malo, ndipo mwezi umodzi wa ntchito unkatha kutalika mmene kapitawo wafunira. Mkwiyo wa thangata ndi umodzi mwa zinthu zimene zinabutsa kuwukira kwa John Chilembwe mu 1915, pamene anthu ake analowera esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero.

Mu 1928 boma la atsamunda linakhazikitsa lamulo lokhudza anthu okhala pa maesiteti. Lamuloli linalola kuti lendi ilipidwe ndi ndalama, ndi ntchito kapena pogulitsa mbewu kwa mwini malo, ndipo boma linkaika malire a mtengo wake. Apa boma linavomereza kuti lendi si nkhani ya anthu awiri okha. Thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962, ufulu uli pafupi.

Mu 1964, chaka cha ufulu, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Malawi Housing Corporation kuti izimanga nyumba ndi kugawa mapuloti. Bungweli linachita zinthu ziwiri. Linamanga nyumba zokhazikika zimene ambiri okhalamo anali ogwira ntchito m'boma, ndipo linadula mapuloti m'madera monga Zingwangwa ndi Bangwe, kumene munthu ankalipira kandalama kochepa ka malo n'kudzimangira yekha. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, nyumba zambiri za m'maeriya atsopano zinalowanso m'dongosolo lomweli. Lendi inali yotsika, ndipo bungweli silikanatha kuikweza popanda chilolezo cha boma.

Zaka zomwezo, ku Kasungu kunkachitika zina. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka kwambiri, ena a makampani monga Press Farming ndi General Farming, ena a akuluakulu a ndale ndi a boma. Mabanja ochokera ku Mulanje, Thyolo, Phalombe ndi madera ena osowa malo anabwera kudzakhala matenanti. Tenanti ankapatsidwa kachigawo ka munda, ndipo kawirikawiri ankadzimangira yekha kanyumba ka udzu pafupi ndi zigafa. Chimanga, feteleza ndi makasu ankazitenga pa ngongole. Fodya akasokedwa n'kuuma, mtengo wake ankaunena ndi mwini esiteti, n'kuchotsapo ngongole zonse. Panalibe lisiti yolembedwa kuti lendi, koma lendiyo inali momwemo, yobisika mu mtengo wa fodya. Mgwirizano ukatha, nyumbanso yatha.

Choncho dziko limodzi linali ndi malamulo awiri. Kalaliki wa ku Blantyre lendi yake inkatetezedwa ndi nduna, pamene tenanti wa kwa Kaluluma analibe womuyankhulira. Utenanti unaletsedwa mu 2021, pamene aphungu anasintha lamulo la ntchito, patatha zaka 59 chithetsedwere thangata.

Nayo lendi yotsika ya m'tauni inali ndi mtengo wake. Kwacha itasiyidwa kuti ipeze yokha mphamvu pa msika mu 1994, simenti, malata ndi penti zinakwera, koma lendi inkatsalira m'mbuyo chifukwa palibe boma limene limafuna kukwiyitsa anthu a m'mizinda chisankho chikuyandikira. Maofesi a boma enieniwo ankachedwa kulipira lendi ya nyumba zimene antchito awo ankakhalamo. Madenga anayamba kudontha, nyumba zatsopano zinkamangidwa zochepa, zina zakale zinagulitsidwa. Lero bungweli lili ndi nyumba pafupifupi 6,000 zokha, pamene ofuna nyumba pa mndandanda wake ndi ochuluka kwambiri kuposa pamenepo.

Mu 2016 lamulo la bungweli linasinthidwa kuti lizigwira ntchito ngati bizinesi. Chaka chotsatira, kukweza kwa lendi kunautsa mkangano umene unakafika kukhoti. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Bungwe linkati silingakonze nyumba ndi ndalama zosafika pa mtengo wa msika. Okhalamo ankati sangawonjezere ndalama pa nyumba zimene akhala akuzikonza ndi za m'thumba mwawo. Kugwa kwa kwacha mu 2012, mu 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kwangokulitsa mkanganowu. Lendi ikaumitsidwa zaka zingapo kenako n'kudumpha kamodzi, palibe amene amapindula.

Kwa Kaluluma, nyumba za boma zimene anthu amazidziwa ndi za aphunzitsi, za azaumoyo, za alangizi ndi za apolisi, ndipo sizikwanira. Mphunzitsi amene nyumba yamusowa amakachita lendi pa Nkhamenya kapena m'mudzi woyandikana ndi sukulu, kumene mtengo umadalira mawu a mwini nyumba. Pulogalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, imene inayamba mu ulamuliro wa Peter Mutharika, inathandiza ena amene anali ndi malo awo kale. Wopanda malo, monga banja limene linabwera kudzalima fodya zaka 30 zapitazo, sinamufikire.

Mbiriyi ikutiphunzitsa kuti vuto si kukwera kwa lendi kokha, koma kuikidwa kwake mumdima. Dziko likufunika lamulo lomveka bwino: lendi ya nyumba za boma izikwera kamodzi pa chaka, potsata kukwera kwa mitengo ndi kwa malipiro, anthu atadziwitsidwa nthawi ilipo, ndipo gawo lodziwika la ndalamazo lizipita kokonza nyumba ndi kumanga zina. Lamulolo lisathere pa malire a mizinda. Likhudzenso nyumba za antchito a pa maesiteti ndi za m'misika ya kumidzi, chifukwa fodya wa ku Kasungu wabweretsa ndalama zakunja zimene zinamanga mizindayo, pamene omulima ambiri sanagonepo m'nyumba imene lamulo limaiteteza.