Mbiri ya Zambia Music Parlour ndi anthu amene anajambulitsa nyimbo za dziko lino

Zambia Music Parlour inali kampani yojambulitsa ndi kugulitsa nyimbo ya mumzinda wa Ndola, imene inachuka kwambiri m'zaka za m'ma 1970. Mwini wake anali Bambo Edward Khuzwayo, ndipo zimbale zake zinkadziwika ndi zilembo zakuti ZMPL. Akuluakulu a ku Katete, ku Sinda ndi m'madera ena a cigawo ca kum'mawa amene anali acinyamata panthawiyo amakumbukira bwino oimba monga Paul Ngozi ndi gulu la Witch. Koma ndi ocepa amene amadziwa za anthu amene ankasankha nyimbo, kulipira situdiyo ndi kunyamula matepi maulendo ataliatali kuti nyimbozo zikhale pa cimbale.

Kampaniyi sinali ya nyimbo za soul zokha. Inkatulutsa nyimbo za magitala olira mwaukali, nyimbo zovina, ngakhalenso zamakolo. Komabe mbiri yake singamveke popanda kuchula soul, popeza ndi kaimbidwe kameneka, pamodzi ndi rock, kamene kanakopa anyamata amene anadzakhala oimba ake.

Nyimbo za soul zinabadwira pakati pa anthu akuda a ku America m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960, pamene kaimbidwe ka m'chalichi kanasakanikirana ndi nyimbo zovina za m'matauni. Makampani awiri ndiwo anazifalitsa kwambiri: Motown ya ku Detroit, imene Berry Gordy anayambitsa mu 1959, ndi Stax ya ku Memphis, ya Jim Stewart ndi mlongo wake Estelle Axton, kumene kunkaimbira Otis Redding. Ku Stax, kutsogolo kwa situdiyo kunali sitolo yogulitsa zimbale, ndipo Mayi Axton ankaona okha nyimbo zimene acinyamata akugula ndi zimene akuzisiya. Zimene ankaona m'sitolomo zinkathandiza kusankha nyimbo zoti zijambulidwe.

Dziko la Zambia litalandira ufulu wodzilamulira mu 1964, mkuwa unali pa mtengo wabwino ndipo ogwira nchito ku Migodi anali ndi kandalama kogulira wailesi, gumbagumba ndi zimbale zakunja. Magulu oimba a ku Kitwe, ku Ndola ndi ku Lusaka ankasangalatsa anthu m'mahotela ndi m'maholo potengera nyimbo za The Beatles, The Rolling Stones, Jimi Hendrix ndi James Brown. Mu December 1970, James Brown mwini wake anabwera kudzaimba ku Lusaka ndi ku Ndola, ndipo anaonananso ndi mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, malemu Kenneth Kaunda. Oimba ambiri a m'badwo umenewo amauchula ulendowu akamafotokoza kumene anatenga kavinidwe ndi kaimbidwe kawo ka ng'oma ndi gitala ya besi.

Luso linalipo, omvera analipo, koma njira yoikira nyimbo pa cimbale inali yovuta. Apa ndi pamene a Khuzwayo analowera. Iwo anali ocokera ku dziko limene tsopano ndi Zimbabwe, ndipo monga anzawo a ku Memphis, anali ogulitsa zimbale, conco ankadziwa zimene anthu akufuna asanaikepo ndalama zawo. M'malo mongogulitsa nyimbo za ena, anayamba kulemba magulu a m'dziko muno ndi kuwatulutsira zimbale pa dzina la sitolo yawo.

Kuti cimbale cimodzi cituluke pankafunika zinthu zambiri. Coyamba gulu linkapita ku situdiyo, ndipo masitudiyo odziwika anali awiri: ya Malachite ku Chingola, imene kwenikweni inali yopangira mafilimu, ndi ya DB ku Lusaka. Makina a masiku amenewo sankalola kukonza mawu pang'onopang'ono monga zicitikira pa kompyuta lero. Kawirikawiri gulu lonse linkaimba pamodzi, ndipo woimba ng'oma akaphonya, onse ankayambiranso. Nthawi ya mu situdiyo inali ya ndalama, motero wokonza nyimbo ankayenera kudziwa pamene nyimbo yakoma mokwanira ndi kulamula kuti apite pa ina. Tepi ikatha, inkayenera kupita ku fakitale yodinda zimbale. Zimbale zambiri zoyamba za oimba a ku Zambia zinadindidwa ku Nairobi, m'dziko la Kenya, ndipo magulu ena ankapita konko kukajambula ku situdiyo ya Sapra. Munthu ankanyamula tepi ulendo wonsewo, n'kudzabwera ndi makatoni a zimbale zimene zikangokhala padzuwa zinkapindika.

Pa nchito ya mu situdiyo, dzina limene limapezeka pa zikuto za zimbale zambiri za ZMPL ndi la Billy Nyati, amene anali wokonza nyimbo wa kampaniyi. Cimbale cimene anthu akunja amacitama kwambiri ndi Africa, ca gulu la Amanaz la ku Kitwe, cimene cinatuluka mu 1975. Cinajambulidwa ku Malachite m'masiku ocepa cabe, nyimbo zambiri zili m'Cingelezi ndipo zina m'Cibemba. Gululi linatulutsa cimbale cimodzi cokhaco basi. M'caka comweco kunatulukanso Black Power ca gulu la The Peace, cimene dzina lake lokha likuonetsa mmene nkhani za anthu akuda a ku America zinalowera m'mitima ya acinyamata a ku Migodi. Magulu ena a kampaniyi anali Blackfoot ndi 5 Revolutions. Kaimbidwe konseka kanadzachedwa Zamrock, dzina limene ambiri amati linacokera kwa malemu Dr. Mannasseh Phiri pamene anali muulutsi wa pa wailesi.

Ku Ndola komweko kunali kampani ina yaikulu, Teal Record Company, nthambi ya kampani ya ku South Africa, imene inadzakhala ndi makina ake odindira zimbale. Makampani awiriwa ankalimbirana oimba. Citsanzo cake ndi gulu la Witch, lotsogoleredwa ndi Emmanuel Chanda, wodziwika kuti Jagari. Zimbale zawo ziwiri zoyamba, Introduction ndi In the Past, zinagulitsidwa pa dzina la ZMPL, koma pofika 1975 gululi linali litasamukira ku Teal, kumene linatulutsa Lazy Bones!!, kenako Lukombo Vibes mu 1976. Kwa woimba, mpikisano wotere unali wabwino, cifukwa amene wakanidwa khomo limodzi ankatha kugogoda pa lina.

Kwa omvera a Cinyanja, dzina lalikulu pa onsewa ndi Paul Ngozi, amene dzina lake lenileni linali Paul Dobson Nyirongo. Anabadwa mu 1949 ndi kukulira m'komboni ya Chibolya ku Lusaka. Cimbale ca gulu lake la Ngozi Family cakuti Day of Judgement cinatuluka pa ZMPL mu 1976. Ngozi ankaimba gitala ya mawu okhakhala ngati ya oimba akunja, koma nkhani zake zinali za m'makomboni: umphawi, mowa, maukwati osokonekera ndi ana osamvera makolo. Zambiri mwa izo ankaziimba m'Cinyanja ca mu Lusaka, ndipo n'cifukwa cake munthu wa ku Katete amene anali asanaonepo mgodi ankamva zonse popanda womasulira. Anamwalira mu 1989, ndipo ku Kabwata mu Lusaka kuli msewu wochedwa dzina lake.

Kucokera ku Ndola kufika ku Katete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 800, kudzera mu Lusaka ndi msewu wa Great East. Zimbale zinkayenda mtunda umenewu m'masutikesi a anthu obwera kumudzi pa chuti kucokera ku Migodi ndi ku Lusaka, n'kumalira pa gumbagumba wa mabatire. Koma cimene cinafikitsa nyimbozi kutali kuposa basi iliyonse ndi wailesi. Pakati pa zaka za m'ma 1970, a Kaunda, amene nawonso ankaimba gitala, analamula kuti nyimbo 95 mwa nyimbo 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi ya Zambia Broadcasting Services zikhale za m'dziko muno. Colinga cinali cokweza cikhalidwe ca Zambia. Kwa a Khuzwayo ndi a Teal, lamuloli linali msika wotseguka: wailesi inkafuna nyimbo zatsopano tsiku ndi tsiku, ndipo nyimbo ikamveka pa wailesi anthu ankapita kukaifuna ku sitolo.

Nyengo yabwinoyi sinakhalitse. Mtengo wa mkuwa unagwa kuyambira 1975, ndalama zakunja zogulira zipangizo zinayamba kusowa, ndipo banja limene likuvutika kugula unga silingagule cimbale. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, asilikali a boma la azungu la Rhodesia ankaponya mabomba m'dziko muno, ndipo boma linaletsa kuyenda usiku, kumenenso kunali kudya kwa magulu oimba. Madisiko anabwera, eni mabala naona kuti kulipira munthu mmodzi woika zimbale n'kochipa kuposa kulipira gulu lonse. Witch inayesa kusintha, n'kutulutsa zimbale za disiko ndi soul, Movin' On mu 1980 ndi Kuomboka mu 1984, Jagari atacoka kale kukaphunzira uphunzitsi. M'zaka za m'ma 1980 kalindula ndiye anatenga malo, kudzera mwa oimba monga P.K. Chishala ndi magulu a Amayenge ndi Shalawambe. Kaseti, imene aliyense ankatha kuijambula kunyumba popanda kulipira mwini nyimbo, inamaliza malonda a zimbale. Pamwamba pa zonsezi, matenda a Edzi anatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo.

Panapita zaka zambiri dziko lisanakhalenso ndi kampani yamphamvu ya nyimbo. Mu 1999 Chisha Folotiya anayambitsa Mondo Music ku Lusaka, imene inatulutsa JK, Shatel ndi Black Muntu, ndipo mmodzi mwa okonza nyimbo ake anali malemu Joe Chibangu. Kaimbidwe kawo kanatsamira pa R&B, amene ndi mwana wa soul, koma mawu ake anali a Cinyanja ndi Cibemba.

Funso limene latsala pa nyimbo za m'ma 1970 ndi la umwini. Cuma ceniceni ca kampani ya nyimbo si sitolo kapena makina, koma matepi oyamba ndi mapepala a mapangano. Stax inaphunzira zimenezi mowawa mu 1968, pamene inazindikira kuti pangano limene inasaina linapereka nyimbo zake zakale m'manja mwa kampani ya Atlantic, ndipo mu 1975 inagwa. Ku Zambia matepi ambiri a nthawi ya Zamrock anatayika makampani atatsekedwa, moti nyimbo zina zapulumuka cifukwa ca zimbale zakale zimene anthu anasunga m'nyumba zawo. Lamulo loteteza umwini wa nyimbo ndi zolemba limene linakhazikitsidwa mu 1994, ndiponso bungwe la ZAMCOPS lotolera ndalama za oimba, zinabwera ambiri mwa eni nyimbozo atamwalira kale.

Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, ya Eothen Alapatt, ndi imene yacita zambiri potulutsanso nyimbozi mogwirizana ndi oimba amene atsala ndi mabanja a omwalira. Inatulutsa nyimbo za Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya mu 2010, za Witch mu 2012, ndi zimbale ziwiri zakuti Welcome to Zamrock! mu 2017. Jagari, amene anakhalapo akukumba miyala ya mtengo wapatali kuti apeze zosowa za banja, anabwereranso pa nsanja, ndipo mu 2023 Witch inatulutsa cimbale catsopano, Zango, cojambulidwa ku situdiyo yomwe ija ya DB. M'caka comweco woimba wa ku America Travis Scott anagwiritsa nchito cigawo ca nyimbo ya Amanaz ya pa cimbale ca Africa. Mu October 2024, Tyler, the Creator anatulutsa nyimbo yakuti Noid, yomangidwa pa Nizakupanga Ngozi ya pa cimbale ca 45,000 Volts, cimene Ngozi Family inajambula ku Nairobi n'kutulutsa mu 1977. M'nyimboyo mukumveka mawu a Paul Ngozi akuimba m'Cinyanja, patapita zaka 35 cimwalirire.