Anthu 12 m'mwamba, manja zikwizikwi pansi

Usiku wolowera pa 6 Ogasiti 1945, ndege yankhondo ya mtundu wa B-29 inanyamuka pachilumba cha Tinian muli anthu 12. Woiyendetsa, Paul Tibbets, anali ndi zaka 30, ndipo anaitcha Enola Gay, dzina la mayi ake. Cha m'ma 8:15 m'mawa, Thomas Ferebee anamasula bomba limodzi pamwamba pa mzinda wa Hiroshima ku Japan. Pomwe chaka chimatha, anthu pafupifupi 140,000 anali atafa. Patapita masiku atatu, Charles Sweeney anaulutsa ndege ina, Bockscar, kulunjika ku Kokura. Anapeza mitambo ndi utsi zitaphimba mzindawo, basi n'kukhotera ku Nagasaki.

Mabuku ambiri amathera pa amuna amenewa: kodi anali ngwazi kapena zigawenga? Tibbets anamwalira mu 2007 asanapepesepo, koma anapempha kuti asamuikire chipilala, poopa kuti otsutsa azikasonkhana pamanda pake. Ine ndimaona kuti tikamangoloza chala anthu 12, mlandu tikuuchepetsa. Chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mwambiwu umagwiranso pa zoipa.

Tiyambe ndi zomwe zinali m'mimba mwa ndegeyo. Gawo lalikulu la miyala ya yureniyamu yomwe America inagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambawo linachokera ku mgodi wa Shinkolobwe ku Katanga, m'dziko la Congo, lomwe linkalamulidwa ndi Belgium. Anakumba ndi anthu akuda ngati ife, osauzidwa kuti thukuta lawo likathera kuti. Dzina la mayi a Tibbets dziko lonse limalidziwa. Nanga la wokumba mmodzi yekha, ndani angalitchule?

Nkhondo yomweyo inatengako ana a kuno kwathu. Mu 1944 asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles analimbana ndi Japan ku Burma, m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pakati. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje sitifunika kutifotokozera za chigwa chotentha, chamatope ndi udzudzu, chomwe malungo amagwetsa munthu mdani asanafike. Japan italengeza kugonja pa 15 Ogasiti 1945, asilikaliwo anayamba kuyembekeza ulendo wa kumudzi. Apa mpamene pamandivuta: moto womwe unapsereza ana a sukulu ku Hiroshima ukuwerengedwa pa zinthu zomwe zinafupikitsa nkhondo ya agogo athu. Sindingaukondwerere, komanso sindinganene kuti sukutikhudza.

Ambiri mwa anyamata a mu Enola Gay anamva kuti anyamula bomba la atomiki ali kale m'mwamba. Aliyense ankangogwira gawo lake: wina mapu, wina wailesi, wina injini. Umu ndi momwe zoopsa zikuluzikulu zimachitikira, ntchito ikagawidwa tizidutswa mpaka palibe woiona yonse.

Anzanga amene mukumaliza maphunziro a uinjiniya, migodi kapena zamalamulo, nkhaniyi si ya kutali. Malawi nayenso ali ndi yureniyamu, ndipo mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009 kuti uzigulitsa kwa opanga magetsi kunja. Wokumba wa ku Shinkolobwe analibe mpata wofunsa. Ife sukulu yatipatsa mpatawo. Tisanasaine pepala lililonse, tizifunsa: katunduyu akupita kwa yani, ndipo akukachita naye chiyani?