Tinamukweza Chiluba, tinamuletsanso

Mukadutsa ku Kafue Estates, kumbukirani kuti nyumba zija anamangira antchito a m'mafakitale. Fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia inayamba ntchito mu 1970, ndipo pafupi pake panali ya nsalu ya Kafue Textiles. Makolo athu anabwera kuno kuchokera ku Chipata, ku Mongu, ku Choma ndi ku Kasama. Mtonga ndi Mbemba ankalowa pageti limodzi, n'kumadandaula za malipiro amodzimodzi. Chinyanja chimene timalankhula ku Shikoswe ndi ku Zambia Compound chinakulira pamenepo.

Mabungwe a antchito a m'dziko lonse anali pansi pa ZCTU, imene Frederick Chiluba ankatsogolera kuyambira mu 1974. Mu June 1990 mtengo wa unga utakwera, ku Lusaka kunabuka zipolowe ndipo anthu anafa. Mwezi wotsatira, a mabungwe a antchito, ophunzira, maloya ndi amalonda anakumana ku Garden House Hotel, ndipo MMD inabadwa. Zinthu zitafika povuta mu July 1991, atsogoleri a mipingo anakhazika Kenneth Kaunda ndi Chiluba pamodzi ku Cathedral of the Holy Cross kuti akambirane za malamulo a dziko. Pa 31 October tinavota mwamtendere, ndipo Kaunda anavomera kuti wagonja.

Kuno ku Kafue chimwemwe sichinakhalitse. Boma latsopano linatsegula malire kwa katundu wakunja, salaula inadzaza m'misika, ndipo mafakitale anayamba kuchotsa anthu ntchito. Amene anavotera MMD ndi amene anakhalabe ku UNIP anaima pamzere umodzi kudikira ndalama zawo zopumira.

Mu 2001 Chiluba anafuna kusintha malamulo kuti aimenso kachitatu. Mu February chaka chimenecho, bungwe la maloya la LAZ, mabungwe atatu a mipingo ndi bungwe la amayi la NGOCC anakumana ku Oasis Restaurant ku Lusaka. Akatolika ndi achipentekoste ankasiyana pa zambiri, koma anagwirizana pa mfundo imodzi yokha: kawiri kakwana. Anthu anavala timaliboni tobiriwira, ndipo Lachisanu madzulo oyendetsa galimoto ankaliza mahutala. Ngakhale wachiwiri wake, Christon Tembo, anamukana. Mu May, Chiluba analengeza kuti saimanso.

Ambiri amene anavala maliboni ndi omwe aja anamuvinira mu 1991. Palibe amene anawauza kuti ayambe asiya chipani chawo kapena apepese chifukwa cha voti yawo yakale. Anangopemphedwa chinthu chaching'ono chimene aliyense akanatha kuchita.

Ife amene tinakula tikuona makada akugawana misika ndi masiteshoni timafulumira kufunsa mnzathu kuti ndi wa chipani chiti. Komatu madzi akadula mu kompaundi, wa UPND ndi wa PF amanyamula zigubu n'kulowera njira imodzi. Msonkhano wathu wotsatira tiuitane pa nkhani ya madziyo, ndipo pakhomo pasakhale wofunsa za khadi la chipani.