RAW: chithunzi chachiwisi

Wojambula wa ku Kitwe kapena ku Ndola akati "ndajambula mu RAW", akunena fayilo yosunga zonse zimene kamera yaona, isanazikonze yokha. Mawuwa si chidule ayi. Ndi Achingerezi, otanthauza chinthu chachiwisi. JPEG, fayilo imene kamera yaikonza kale, ndi nsima yophikaphika, RAW ndi ufa.

Phindu lake mumaliona pa tsiku la omaliza maphunziro ku Copperbelt University, dzuwa lili paliwombo. Pachithunzi, mkanjo umangoti bii, malaya oyera n'kuwala mpaka mabatani osaoneka. RAW imasunga mabiti 12 kapena 14 pomwe JPEG ili ndi 8 okha, ndiye pakompyuta mabatani aja kawirikawiri amabwereranso, nkhope ya womaliza maphunziroyo n'kuoneka bwino pansi pa chipewa.

Chovuta n'chakuti kampani iliyonse ya makamera ili ndi mtundu wake wa RAW: Nikon NEF, Sony ARW, Canon CR2 komanso CR3 imene inayamba mu 2018. Photoshop yakale siitsegula CR3, ndipo munthu angaganize kuti khadi la m'kamera lawonongeka n'kufufuta ntchito ya tsiku lonse. Zimenezi n'zomvetsa chisoni, chifukwa zithunzizo zili bwinobwino. Adobe DNG Converter, pulogalamu yaulere, imazisintha kukhala DNG, imene mapulogalamu akale ambiri amatsegula.