Nsanja ya wotchi ndi chigafa: zimene ndinaona ku Kasungu

Anzanga a kunyanja, lero ndalemba zazitali, mupirire nane.

Mwezi wathawu ndinanyamula usipa wa bambo kuchoka ku Nkhotakota kukagulitsa kwa Kaluluma, kumpoto kwa Kasungu. Amene munayendapo msewu wodutsa m'nkhalango ya nyama uja mukudziwa kuti usanafike pa boma la Kasungu umadzera pa Mtunthama. Pamenepo ndiye pali Kamuzu Academy.

Sukulu imeneyi inatsegulidwa mu 1981, pafupi ndi mtengo wa kachere umene Kamuzu anaphunzirirapo ali mwana. Akuluakulu, kumanga kumeneko si masewera: nsanja ya wotchi, makhonde a njerwa okhota pamwamba, laibulale yaikulu, ndiponso dziwe lochita kukumba kutsogolo kwake. Ine mwana wa msodzi ndinaseka ndekha, kuti kani ngakhale Ngwazi inkafuna kanyanja kake! Ana anzeru ankasankhidwa m'maboma onse n'kumaphunzira ulere, Chilatini ndi Chigiriki chomwe. Masiku ano ndi ya fizi.

Nditafika pa boma ndinakwera basi ya mu M1 kulowera ku Nkhamenya. Uko ndinapeza zomanga za mtundu wina. Mabalani ataliatali a njerwa owotchera fodya, ena ang'aluka, malata anapita kalekale. Kenako zigafa: mitengo ndi udzu basi, zoumitsira fodya wa bale. Pambali pake tinyumba ta matenanti, tochepa kuposa thandala limene timayanikapo usipa.

Mbiri yake ndi iyi. M'zaka za m'ma 1970 boma linkalimbikitsa maesiteti a fodya, ndipo Kasungu ndiye anali pachimake. Kampani ya Press, yomwe mwini wake anali Kamuzu, inali ndi minda ikuluikulu kumeneko. Mlimi wamba sankaloledwa kulima bale pamunda pake mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ofuna ndalama ya fodya ankalowa utenanti, ambiri ochokera kutali ngati ku Mulanje ndi ku Thyolo. Chimanga, feteleza, makasu, zonse pangongole, kudzadula pogulitsa. Nthawi yomweyo likulu linali likusamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe, mu 1975, ndipo fodya ndiye ankabweretsa ndalama zambiri zakunja.

Madala ena amene anandigula usipa wa mbale imodzi anandilozera balani lakugwa. Akuti njerwa zake anaumba nawo ali mnyamata, atangofika kuchokera kummwera. Kwawo sanabwererenso, ndalama ya basi sinkakwana. Ndinayang'ana khoma lonse: palibe dzina, palibe chaka. Pomwe Kamuzu, amene anamwalira mu 1997, ali ndi manda omangidwa bwino ku Lilongwe, otsegulidwa mu 2006.

Sindikunyoza sukulu ija ayi, yatulutsa madokotala ndi maloya. Ndikungoti dziko limakumbukira ndi njerwa amene anali ndi ndalama ya njerwa. Wa udzu, chiswe chikadya mitengo, mbiri yake yathera pomwepo.

Ndiye ndinaganiza za kwathu. Pa Nkhotakota alendo amabwera kudzajambula mkuyu wa Livingstone ndi Jumbe. Nanga agogo athu amene anasema mabwato, ndi aja anapita ndi mwera osapezeka, alembedwa pati? Madooko ena amene tinkakocheza tili ana lero ali mumpanda wa maloji, ndipo dzina la pachikwangwani si limene agogo ankatchula.

Chipilala sitingakwanitse, simenti yadula. Koma foni tili nazo. Madzulo ano khalani pansi ndi agogo, afunseni maina akale a madooko, anayamba kukochezapo ndani, anamira ndani ndipo chaka chiti. Ajambuleni mawu, muponye pagulu pano. Mawa n'kutali, madala aja akutha.

Tumizani kwa anzanu onse a m'mbali mwa nyanja.